PHUNZIRO LA 12: ZA KUTAMANDA MULUNGU



M'maphunziro apitawo tidaona kuti kupemphera ndiko kukweza mtima kwa Mulungu ndi kulankhula naye monga mwana alankhula ndi bambo wake. Lero tiphunzira mtundu umodzi wa pemphero umene ambiri a ife timauiwala, chonsecho ndiwo wopambana mitundu ina yonse, ndiwo kutamanda Mulungu. Tcherani khutu, pakuti pa usiku wa Pasaka, pamene madzi a ubatizo adzathiridwa pamutu panu, mudzalowa m'banja la anthu amene ntchito yao yoyamba ndi imeneyi, pansi pano ndi kumwamba komwe.

1. Kutamanda nkutani?

Mukamvetsera bwino mapemphero athu m'kapela, mudzaona kuti ambiri ndi opempha. Mwana akadwala malungo tipempha moyo. Mvula ikadula chimanga chili m'maondo tipempha mvula. Mnyamata akapita kukafuna ntchito ku Tete kapena ku Moatize tipempha kuti ayende bwino. Zimenezi nzabwino ndithu, pakuti Ambuye Yesu mwini wake adatiuza kuti tizipempha. Tikachimwa tipepesa, ndipo tikalandira zabwino tithokoza.

Koma taonani: kupempha kuyambira pa kusowa kwathu, kupepesa kuyambira pa kulakwa kwathu, kuthokoza kuyambira pa mphatso imene ili m'manja mwathu. Kutamanda kuyambira pa Mulungu mwini. Munthu wotamanda ayang'ana Mulungu, naona ukulu wake, kuyera kwake ndi chifundo chake, nakondwera kuti Mulungu ali wotero, ngakhale iye m'manja mulibe kanthu.

Chitsanzo tili nacho pamudzi pomwe. Mfumu ikaweruza mlandu wa malire a munda molungama, osayang'ana nkhope kapena ubale, anthu onse pabwalo amaomba m'manja ndipo amai amaimba nthungululu. Mwini munda amene wapambana mlandu athokoza, chifukwa walandira chake. Nanga enawo, amene mlandu sudawakhudze, aombera chiani m'manja? Iwo akondwera ndi chilungamo cha mfumu yao. Kumeneko ndiko kutamanda.

Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene adatuluka m'chaka cha 1992, aphunzitsa chimodzimodzi: kuti pemphero lotamanda lilemekeza Mulungu chifukwa cha Iye mwini, kupyola pa zimene atichitira, ndi kuti mapemphero ena onse akwezedwa ndi kutsirizidwa m'menemo.

2. Titamandiranji Mulungu?

Wina angafunse kuti: kodi Mulungu asowa matamando athu? Iyai. Mulungu anali wodzaza ndi ulemerero dziko lisanalengedwe, phiri lililonse lisanaime, Luia ndi Kapoche zisanayambe kuyenda. Nyimbo zathu sizimuonjezera kanthu, ndipo kukhala chete kwathu sikumchotsera kanthu. Musayese kuti Mulungu ali ngati bwana amene anthu amsyasyalika kuti awagulire fodya pa mtengo wabwino. Wosyasyalika anena mau okoma ali ndi diso pa thumba la mnzake, ndipo Mulungu amene aona mumtima sanyengedwa ndi mau otere.

Titamanda Mulungu pa zifukwa zitatu.

Choyamba, chifukwa ndi choona. Dzuwa likatuluka, amene anena kuti kwacha wanena zoona. Chomwechonso amene anena kuti Mulungu ngwamkulu ndi wabwino wanena zoona zoposa zoona zonse.

Chachiwiri, chifukwa tidalengedwera chimenechi. Inácio Woyera wa ku Loyola, amene adayambitsa chipani cha Ayezuiti namwalira m'chaka cha 1556, ankaphunzitsa kuti cholinga cha moyo wa munthu ndicho kutamanda Mulungu, kumlemekeza ndi kumtumikira, kuti potero apulumuke. Ana ake auzimu ndiwo adamanga misiyoni za Boroma ndi Lifidzi m'dziko lathu lino la Tete. Khasu lidasulidwa kuti lilime, ndipo likangokhala pakhonde lichita dzimbiri. Mtima wa munthu nawo ukaleka kutamanda Mlengi wake uonongeka.

Chachitatu, chifukwa munthu sangathe kukhala osatamanda kanthu. Paulo Woyera, m'mutu woyamba wa kalata yake kwa Aroma, alongosola kuti anthu ataleka kulemekeza Mulungu ndi kumthokoza, nzeru zao zidachita mdima, nayamba kugwadira zolengedwa. Wosatamanda Mulungu atamanda ndalama, kapena mowa, kapena chithumwa chimene wamanga m'chuuno, kapena munthu wamphamvu amene amuopa, kapena iye mwini. Zonsezi zimsandutsa kapolo. Amene agwadira Mulungu yekha aimirira mwaufulu pamaso pa zina zonse.

3. Makolo athu ndi maina a Mulungu

Musaganize kuti kutamanda Mulungu kudabwera ndi azungu. Mthenga Wabwino usanafike, makolo athu Achewa ankadziwa kuti aliko Wamkulu woposa mizimu yonse, ndipo adampatsa maina a ulemu. Adamutcha Namalenga, pakuti ndiye adalenga zonse. Adamutcha Mphambe, poona mphamvu zake m'ziphaliwali ndi mabingu. Adamutcha Chauta, Leza ndi Chisumphi. Chilala chikagwa ankapita ku kachisi ndi nsembe ya ufa ndi mowa kukapempha mvula, ndipo kachisi wamkulu wa ku Msinja, ku Malawi, kumene kunkakhala Makewana, anali wodziwika kutali. Dzina lililonse mwa maina amenewa ndi chitamando chachifupi.

Mudziwanso mwambo wa Kulamba. Kale Undi anali ndi likulu lake ku Mano, kuno ku Tete. Masiku ano Kalonga Gawa Undi akhala ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, ndipo chaka ndi chaka, kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, mafumu a Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amasonkhana kumeneko kukalamba. Amabwera ndi mphatso, amafotokoza za midzi yao, amagwada naomba m'manja. Tsono ngati mfumu ya pansi pano, imene ibadwa ndi kufa ngati ife, ilandira ulemu wotere, nanga Mfumu ya mafumu onse iyenera kulandira ulemu wotani?

Apa pafunika kusiyanitsa bwino zinthu ziwiri. Pali ulemu, palinso chipembedzo. Ulemu tiupereka kwa makolo, kwa mafumu, kwa akulu a dziko, ndipo mwa njira yapadera kwa anthu oyera ndi kwa Amai Maria Virgo Woyera. Chipembedzo nchake cha Mulungu yekha. Mkristu alemekeza makolo ake amene adatsogola, awakumbukira ndi kuwapempherera, koma sawayesa eni moyo kapena eni mvula.

Chimene makolo athu ankachiona patali, Yesu Kristu adachionetsa poyera. Iwo ankadziwa Mulungu wamphamvu, namfikira ndi mantha kudzera mwa mizimu. Yesu adatiphunzitsa kuti Mphambe yemweyo ndi Atate athu, amene adatuma Mwana wake kudzatifera, natipatsa Mzimu Woyera. Chifukwa chake chitamando cha Akristu chilunjika kwa Utatu Woyera, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera, Mulungu mmodzi.

4. Zimene Malembo Oyera atiphunzitsa

M'Chipangano Chakale, Aisraele atangooloka Nyanja Yofiira, Mose adatsogolera anthu kuimbira Mulungu, ndipo Miriamu mlongo wake adatenga kang'oma, akazi onse namtsata akuvina (Eksodo 15). Mfumu Davide adavina ndi mphamvu zake zonse patsogolo pa Bokosi la Chipangano, osasamala kuti mkazi wake Mikala akumnyoza (2 Samuele 6). Buku la Masalimo lili ndi masalimo 150, ndipo Ayuda alitcha buku la matamando, ngakhale kuti masalimo ambiri m'menemo ndi olira ndi odandaula. Salimo 148 liitana zolengedwa zonse, za kumwamba ndi za pansi, kuti zitamande Mlengi. Salimo 150 litchula zoimbira zosiyanasiyana pamodzi ndi ng'oma ndi kuvina. Masalimo amenewa ndiwo ankapemphera Yesu mwini, ndipo ndiwo apemphera ansembe ndi asisiteri tsiku ndi tsiku pa dziko lonse.

M'Chipangano Chatsopano, Luka Woyera ayamba Mthenga wake ndi anthu otamanda. Maria, atalonjeredwa ndi Elizabeti, sadadzitame kuti wasankhidwa pakati pa akazi onse, koma adakuza Mulungu amene akumbukira anthu otsika. Zakariya, pakamwa pake patatsekuka atakhala wosalankhula miyezi yonse ija, mau ake oyamba anali otamanda. Simeoni nkhalamba adanyamula Mwana Yesu m'Nyumba ya Mulungu nayamika.

Werenganinso nkhani ya akhate khumi (Luka 17, 11-19). Onse khumi adapempha, onse khumi adachira, koma mmodzi yekha, Msamariya, mlendo, ndiye adabwerera akutamanda Mulungu mokweza mau, nagwa pa mapazi a Yesu. Ambuye adafunsa za asanu ndi anai enawo. Akulu akale adati kamba amanyerera amene wamtola. Taganizani, abale: chaka chimene nkhokwe zidadzaza, ndi angati a ife adabwerera kukapela kudzagwada monga tidagwadira popempha mvula? Onse khumi adachira khungu, koma wobwerera yekhayo ndiye adamva kuchokera pakamwa pa Yesu kuti chikhulupiriro chake champulumutsa.

5. Misa, chitamando choposa zonse

Chitamando chathu ife anthu ochimwa nchoperewera. Mmodzi yekha adatamanda Atate mokwanira, ndiye Yesu Kristu, amene adamvera mpaka imfa ya pamtanda. Pa Misa, Kristu apereka nsembe yake yomweyo kwa Atate, natilola kuti tiphatikizepo mau athu, ntchito zathu ndi masautso athu. Liu loti Ukaristia nlochokera ku Chigriki, ndipo litanthauza kuthokoza.

Pali mau atatu a Chihebri amene mumamva pa Misa, ndipo muyenera kudziwa tanthauzo lake. Aleluya ndiko kuti tamandani Ambuye. Hosana poyamba linali liu lopempha chipulumutso, pambuyo pake lidasanduka mfuu yolonjera Mpulumutsi. Amen ndiko kuti nzoonadi, ndavomera.

Pa Misa ya Lamulungu, titapepesa machimo athu, tiimba nyimbo ya Ulemu, imene iyamba ndi chitamando cha angelo pa usiku wa kubadwa kwa Yesu. Tisanamve Mthenga Wabwino tiimirira ndi kuimba Aleluya. Pofika pa pemphero lalikulu la Ukaristia tiimba nyimbo ya Woyera pamodzi ndi angelo amene mneneri Yesaya adawaona m'Nyumba ya Mulungu (Yesaya 6). Potsiriza wansembe akweza Thupi ndi Magazi a Kristu, napereka ulemu wonse kwa Atate, ndipo mpingo uyankha Amen. Amen ameneyu asamatuluke mwaulesi ngati wa munthu wodzuka kutulo, pakuti ndiye chidindo chathu pa nsembe yonse.

Agogo athu ankamva Misa m'Chilatini. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, umene udachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, udatulutsa pa 4 Disembala 1963 malangizo olola kuti zilankhulo za anthu zilowe m'mapemphero a Eklezia, ndi kuti maimbidwe a mitundu ya anthu alemekezedwe. Nchifukwa chake lero titamanda Mulungu m'Chinyanja, ndi ng'oma, ndi zisekese, ndi nthungululu. Koma ng'oma ya m'kapela ikhale yothandiza pemphero. Woimba kuti anthu atame liu lake walandiriratu malipiro ake.

Inu akatekumeni simunayambe kulandira Ukaristia. M'zaka zoyamba za Eklezia, akatekumeni ankatuluka atangomva mau a Mulungu ndi ulaliki. Komabe palibe chokuletsani kutamanda kuyambira lero. Onaninso kuti pa nyengo ya Lenti, masiku 40 okonzekera Pasaka, Eklezia aleka kuimba Aleluya. Liu limeneli libwereranso pa usiku wa Pasaka, usiku womwewo wa ubatizo wanu. Eklezia achita ngati mai amene asungira mwana wake chakudya chokoma kufikira tsiku la phwando.

6. Kutamanda pa nthawi ya masautso

Apa ndipo pagona phunziro lathu. Kutamanda pa ukwati kapena pa masika nkosavuta. Nanga chaka cha chilala, monga 1992 kapena 2024, pamene chimanga chidauma chisanabereke? Nanga pa maliro a mwana? Pa nthawi zotere Satana anong'oneza kuti: Mulungu wako ali kuti? Pita kukaombeza, upeze amene wakulodza. Ambiri amene adayamba bwino ulendo wa chikristu adagwera pamenepa.

Mvetsani bwino. Eklezia sakuuzani kuti muziseka pamaliro, kapena kuti muzinena kuti njala nchinthu chabwino. Yesu adalira pa manda a Lazaro bwenzi lake. Ali pamtanda adapemphera salimo limene liyamba ndi kudandaula kwa munthu wosiyidwa, koma salimo lomwelo litsiriza ndi kutamanda. Sititamanda Mulungu chifukwa cha zoipa. Timtamanda tili m'kati mwa zoipazo, popeza Iye sasinthika, ndipo amene adaukitsa Yesu kwa akufa sadzalola kuti imfa ikhale ndi mau otsiriza. Kutamanda sikulowanso m'malo mwa ntchito. Wodwala apite kuchipatala, mlimi asunge mbeu nabzale chinangwa ndi mbatata, ndipo onse atamande Mulungu amene adapatsa munthu nzeru ndi manja.

Malembo atipatsa mboni. Yobe, atataya ziweto, antchito ndi ana ake tsiku limodzi, adang'amba zovala zake ndi chisoni, nagwada pansi, natamanda dzina la Mulungu (Yobe 1). Anyamata atatu amene mfumu Nebukadinezara idawaponya m'ng'anjo chifukwa chokana kugwadira fano adatamanda Mulungu m'kati mwa moto (Daniele 3). Paulo ndi Silasi, atakwapulidwa ndi kumangidwa m'matangadza ku Filipi, ankaimbira Mulungu pakati pa usiku, akaidi anzao akumvetsera, ndipo usiku womwewo mlonda wa ndende adabatizidwa pamodzi ndi banja lake lonse (Ntchito 16).

Mbiri ya Eklezia nayonso ili ndi mboni. Francisco Woyera wa ku Assisi adapeka nyimbo yake yotamanda Mulungu chifukwa cha zolengedwa ali wodwala kwambiri, maso atatsala pang'ono kufa, imfa yake ya m'chaka cha 1226 ili pafupi. Ku Uganda, Karoli Lwanga ndi anzake adatenthedwa pa moto ku Namugongo pa 3 Juni 1886, ndipo adapita ku imfa akupemphera. Ena mwa iwo anali akatekumeni ngati inu, amene Karoli mwini adawabatiza usiku poona kuti zoopsa zayandikira, ndipo mmodzi wa iwo anali Kizito, mnyamata wamng'ono. Papa Paulo VI adawalemba m'gulu la oyera m'chaka cha 1964.

Koma tisapite kutali. Dziko lathu litalandira ufulu m'chaka cha 1975, sukulu ndi zipatala za misiyoni zidatengedwa ndi boma, ndipo amisiyonale ambiri adachoka. M'chaka cha 1977 Eklezia wa ku Mozambique adasonkhana ku Beira, nagwirizana kuti chikristu chikhazikike pa timagulu ta Akristu m'midzi, ndi kuti Akristu eni ake agawane mautumiki. Nkhondo itakula, midzi yambiri idakhala zaka osaona wansembe. Anthu adathawira ku Malawi ndi ku Zambia, ena nakakhala ku Ukwimi m'boma la Petauke. Koma kulikonse kumene adafika, pansi pa mtengo kapena m'chisakasa cha udzu, akatekista ndi akulu a mpingo ankasonkhanitsa anthu pa Lamulungu, nawerenga mau a Mulungu, naimba. Anali atasiya nyumba, mbuzi ndi manda a abale ao, koma chitamando adapita nacho.

Kumbukiraninso ansembe awiri Ayezuiti, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa dziko lino la Tete, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal. Iwo adakhalabe pakati pa anthu ao ku Angónia pa nthawi yoopsa ija, ndipo adatengedwa usiku naphedwa ku Chapotera, pafupi ndi Lifidzi, pa 30 Okotobala 1985. Dayosizi yathu ya Tete idayamba kale ntchito yofufuza za moyo ndi imfa yao kuti Eklezia awalembe pakati pa odala. Iwo adatamanda Mulungu ndi magazi ao. Pangano la mtendere lidasainidwa ku Roma pa 4 Okotobala 1992, tsiku la chaka cha Francisco Woyera. Chikhulupiriro chimene mukulandira lero chidasungidwa ndi anthu amene ankaimba ali ndi misozi m'maso.

7. Pakamwa ndi moyo zigwirizane

Pali chitamando chimene Mulungu achikana. Kudzera mwa mneneri Amosi adauza Aisraele kuti anyansidwa ndi maphwando ao ndi phokoso la nyimbo zao, chifukwa ankapondereza amphawi ndi kukhotetsa milandu (Amosi 5). Yesu adadzudzula anthu amene amlemekeza Mulungu ndi milomo mtima uli kutali (Marko 7). Yakobo Woyera adadabwa kuti lilime limodzimodzi litamanda Atate ndi kutemberera anthu olengedwa m'chifaniziro chake (Yakobo 3). Mfarisi wa m'fanizo lija adayamba pemphero lake ndi kuthokoza Mulungu, koma mau ake onse anali odzitama yekha ndi kunyoza mnzake, ndipo adabwerera kwao wosalungama (Luka 18).

Tsono tidzifunse. Munthu amene aimba mokoma pa Lamulungu, koma Lolemba athira madzi m'fodya kapena mchenga m'thumba la chimanga kuti lilemere pa sikelo, kodi watamanda Mulungu? Nanga amene asendeza malire a munda wa mkazi wamasiye? Nanga amene amwera kachasu ndalama zonse za fodya, nabwerera kunyumba kudzamenya mkazi wake, ana alibe chovala? Nanga amene aloza chala nkhalamba yopanda oiteteza kuti ndi mfiti? Anthu akunja amaona zonsezi, ndipo chifukwa cha ife amanyoza dzina limene tiliimbira.

Koma mai amene asamala apongozi ake odwala mosanyinyirika, mnyamata amene abweza ndalama zimene wogula adampatsa mopyola, abale amene akhululukirana mlandu wakale asanabwere ku Misa, gulu limene lipita kukapalira munda wa nkhalamba, onsewa atamanda Mulungu ngakhale ali chete. Yesu adati anthu akaona ntchito zathu zabwino adzalemekeza Atate athu akumwamba (Mateyo 5).

8. Tichite bwanji tsiku ndi tsiku?

M'mawa podzuka, musanatenge khasu kapena ndowa, lembani chizindikiro cha mtanda, nimutamande Mulungu ndi mau ochepa ochokera mumtima. Pemphero lalifupi la Ulemu kwa Atate likwanira.

Popemphera, yambani ndi kutamanda musanapemphe. Pemphero la Atate Athu, limene Ambuye adatiphunzitsa, liyamba ndi dzina la Mulungu, ufumu wake ndi kufuna kwake, pambuyo pake ndipo lifika pa chakudya chathu. Ngakhale pamudzi, mwana waulemu salowa m'nyumba ya bambo wake ndi kuyamba kupempha asanapereke moni.

Kumunda tsekulani maso. Njere imodzi ya chimanga imene mudaikwirira ndi phazi ibereka chisononkho cha njere mazana. Inu mudabzala ndi kupalira, koma amene adameretsa ndi wina.

Pa chakudya, ngakhale ndiwo zikhale nkhwani zopanda mafuta, banja liyambe ndi pemphero. Pa masika tengani gawo la zokolola, mubwere nalo kukapela, kuti lithandize mpingo ndi osauka.

Madzulo sonkhanani pabanja, munene Korona kapena muimbe nyimbo imodzi, ndipo aliyense, ngakhale mwana, atchule chabwino chimodzi chimene Mulungu wachita tsikulo.

Pa Lamulungu bwerani kukapela, wansembe alipo kapena palibe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo chitamando cha Eklezia nchonyamula anthu ambiri. Musanene kuti sindidziwa kuwerenga, kapena liu langa nloipa. Abusa a ku Betelehemu sanali anthu ophunzira, koma adabwerera ku ziweto zao akutamanda Mulungu.

9. Mafunso ndi mayankho oloweza pamtima

F. Kutamanda Mulungu nkutani?
Y. Kutamanda Mulungu ndiko kuvomera ndi chimwemwe kuti Iye ngwamkulu, woyera ndi wabwino, ndi kumlemekeza chifukwa cha Iye mwini.

F. Kutamanda kusiyana bwanji ndi kuthokoza?
Y. Tithokoza Mulungu chifukwa cha zimene watipatsa. Timtamanda chifukwa ndi Mulungu.

F. Kodi Mulungu asowa matamando athu?
Y. Iyai, Mulungu sasowa kanthu. Ife ndife tisowa kumtamanda, pakuti adatilengera chimenecho.

F. Kodi tipembedza Maria ndi anthu oyera?
Y. Iyai, tipembedza Mulungu yekha. Maria ndi anthu oyera tiwalemekeza ndi kuwapempha kuti atipempherere.

F. Chitamando choposa zonse nchiti?
Y. Ndi nsembe ya Misa, m'mene Kristu adzipereka kwa Atate pamodzi ndi Eklezia wake.

F. Kodi tingathe kutamanda Mulungu pa masautso?
Y. Inde, ndi chaulere cha Mzimu Woyera tingathe, pakuti Mulungu sasinthika ndipo Kristu adagonjetsa imfa.

F. Ndi chitamando chotani chimene Mulungu achikana?
Y. Mulungu akana chitamando cha pakamwa pokha, cha munthu wonyada kapena wozunza mnzake amene safuna kutembenuka mtima.

10. Zokambirana ndi zochita

Pa gulu lanu kambiranani izi. Ndi maina ati a Mulungu amene mudamva kwa agogo anu, ndipo atiphunzitsa chiani za Iye? Funsani akulu a m'mudzi mwanu amene adathawa nkhondo kuti ankapemphera bwanji kumene adathawirako. Ndi khalidwe liti pamudzi pano limene lichititsa akunja kunyoza dzina la Akristu, ndipo tingalisinthe bwanji?

Mlungu uno, aliyense apemphere kamodzi pa tsiku pemphero lotamanda lokha, lopanda kupempha kanthu. Ndipo ngati pali munthu amene mudamlakwira kapena kumdyera chake, pitani mukakonze mlanduwo Lamulungu lisanafike.

Tipemphere.

Mulungu Atate athu, Namalenga wa zonse, Inu mudatidziwa tisanabadwe ndipo mwatiitana ku madzi a ubatizo. Tikutamandani chifukwa ndinu Mulungu, woyera ndi wachifundo. Tipatseni Mzimu wanu kuti atiphunzitse kukutamandani pa chaka cha dzinthu ndi pa chaka cha njala, pa kubadwa kwa mwana ndi pa manda pomwe. Ntchito za manja athu zisatsutse mau a pakamwa pathu. Tisungeni m'chikhulupiriro cha iwo amene adatitsogolera, kufikira tsiku limene tidzakuonani maso ndi maso. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Kristu Ambuye athu. Amen.